Phewa Lakumanzere

Phewa lovulala linali lakumanzere. Ndine ndinkalimata tepi m'mawa uliwonse, masiku asanu ndi anayi otsatizana, achimwene asanayambe zokonzekera. Amasewera zogwetsana, ndipo Loweruka limenelo ankasankha olowa mu timu yaikulu. Zaka zinali zitawathera. Akanalephera ulendo umenewu, mwayi wina kunalibe.

Ine ndinali nditangomaliza sukulu ya zosamalira minofu ndi mafupa. Akochi ankanditchula kuti adokotala akafuna kuti osewera aseke.

M'chipinda chovalira munkanunkha mafuta otikitira ndi masokosi onyowa. Ndinakhazika achimwene pabenchi n'kutulutsa tepi, koma akochi anandigwira dzanja. Anati wokumana ndi achimweneyo, amene anzake amamutcha Nyundo, amayamba wafufuza pamene pali tepi, kenako amapotokola pomwepo mpaka munthu agonje. Ndiye ndimate phewa lakumanja, labwinolo, atope nalo limenelo.

Ndinawauza kuti lakumanzere likasowa chogwirizira liguluka. Anandifunsa kuti chibadwire ndagwetsapo anthu angati. Osewera anaseka.

"Achimwene, mkonowu ndi wanu," ndinatero.

"Mata komwe akukuuzako, iwe. Mabuku ako ukawerengere kunyumba."

Ndinamata. Tepi imodzi yozungulira mkono, ina yodutsa pamwamba pa phewa kuchoka pachifuwa kukafika kumsana, zitatu zopingasana pakati. Ndinasalaza m'mbali monse ndi chala. Akochi anati kasukulu kaja sikanapite pachabe. Aka kanali koyamba kundiyamikira.

Panali chinthu chimodzi chomwe tonse sitinachione chifukwa tinkachiona tsiku lililonse. Achimwene ndi aubweya, ndipo tepi simata bwino paubweya, choncho phewa lakumanzere ndinali nditalimeta. Masiku asanu ndi anayi aja anasiyapo mizere yofiira ndi timadontho takuda ta guluu. Atavula jekete m'holo, magetsi akuwawomba, phewalo linkanyezimira ngati tsaya la khanda. Kumanja, ubweya unkasuzumira pansi pa tepi yatsopano.

Nyundo anayang'ana uku, anayang'ana uko. Popatsana moni anasisita tepi yanga ndi zala ziwiri, mwaulemu, ngati akuyesa nsalu yogula. Sanaikhudzenso.

Sanafulumire. Anawasiya achimwene kuti apeze mapointi awiri, mpaka akochi anandigunda ndi chigongono kuti ndione nzeru za akuluakulu. Kenako Nyundo anagwira mkono wakumanzere, anaupinda kumbuyo, n'kuugonera ndi thupi lonse. Phokoso lake ndinalimva ngakhale anthu ankakuwa. Linali laling'ono, ngati la mwendo wa nkhuku ukamauthyola polumikizira.

Oyimbira analiza wezulo. Amuna awiri a chithandizo choyamba anathamanga ndi machira. Wamkuluyo ataona tepi anachenjeza mnzake kuti asamale phewa lomangalo, agwire mbali inayo. Anali anthu osamala ndithu. Dzanja lakumanja analigoneka bwinobwino pachifuwa, ndipo achimwene anawanyamula ndi mkono wakumanzere.

Ndinakuwa kuti si limenelo. Mlonda wapachingwe ananditchinga chifukwa ndinalibe baji. Baji inali pakhosi pa akochi. Iwowo akanalankhula akanamveka, koma anali atawolokera kale mbali ya Nyundo. Ndinawaona akugwira Nyundo paphewa, akumufunsa kuti amamuphunzitsa ndani, ndiponso ngati akusangalala kumeneko.

Kuchipatala phewa analibwezera m'malo. Dokotala weniweni anaunika zithunzi n'kunena kuti misempha yaduka malo awiri. Supuni adzanyamula, mwinanso ndowa yamadzi pakapita chaka, koma zogwetsana aziwonera pa kanema. Anafunsanso kuti anamata phewa labwinolo ndani. Achimwene anandiloza ndi chibwano.

Dokotala anatuluka. Pakhonde ankakolopa, ndowa ikukwekwerezeka. Ndinkaganiza kuti achimwene afunsa za akochi, kapena madzi akumwa.

"Ndiye unandimeteranji?" anatero, maso ali kudenga. "Anthu amamata tepi zaka ndi zaka osameta. Koma iwe ndi ukhondo wako wa kusukuluwo."

Ndinayang'ana phewa linalo. Tepi yakumanja inali idakali pomwepo, yosalala, osamatuka ngakhale kangodya kamodzi. Ndinati ndiichotse asanagone. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Kusukulu amatiphunzitsa kumatula pang'onopang'ono, motsata komwe ubweya wagonera, chala china chikupanikiza khungu. Ndinakanda nsonga ndi chikhadabo mpaka inadzuka, ndinaikulunga pachala, n'kuikoka yonse kamodzi.