Bolodi la pa Mtengo wa Bwemba

"Moni inu odutsa. Tiyamike Mulungu, kwatichera." Mawu awa anali akadali pa bolodi lakuda lokhomedwa pa mtengo wa bwemba, m'mbali mwa njira yotsikira kudoko. Enid ankamangirira pulasitiki pamwamba pake, poti mitambo inali itayamba kuda cha kumapiri a Namwera. Mawuwo anawalemba ndi bambo ake, a Jeremiya, m'mawa wa tsiku limene anagwa m'munda wa chinangwa osadzukanso.

A Jeremiya anaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ku Malindi mpaka kupuma. Ali mnyamata ankalakalaka kulemba mabuku, koma palibe limene linasindikizidwa. Atapuma anapempha bolodi lakale kusukulu, ndipo m'mawa uliwonse ankalembapo mizere yochepa: mwina vesi, mwina pemphero lawolawo, mwina nthabwala. Madzulo bolodi linkafufutidwa.

"Achemwali, tapatukani."

Anali Oswald, mchimwene wake, kalaliki wa boma ku Zomba. M'dzanja anali ndi nyundo.

"Nyundoyo ndi ya chiyani, achimwene?"

"Bolodi lilowe m'nyumba ndisanabwerere."

"Nkhata za maluwa sizinafote n'komwe pamanda, inu mwayamba kuzula misomali?"

Oswald anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mwaiwala chaka chija? Bambo analemba salimo lonena zosadalira akuluakulu a dziko, anyamata achipani n'kubwera kudzafunsa kuti akuluakuluwo ndani. Anapulumuka chifukwa ambiri mwa anyamatawo anawaphunzitsa okha. Ine adzandimvera chisoni ndani? Wina angonong'ona kuti kwawo kwa Oswald kuli bolodi lolankhula, ntchito yatha, mwina ine ndemwe kuzimirira. Ndili ndi ana, Hana ndi abale ake."

"Palibe alembeponso," anatero Enid. "Ndikungosunga dzanja lawo. Munthu analemba moyo wake wonse, chatsala n'chiyani? Mizere iwiri iyi basi."

Che Sumani, msodzi wachisilamu wa kudoko, anatulukira atasenza nkhafi. Anaima pamene ankaima masiku onse, napukusa mutu.

"Nanga amwalimu mwawafunditsa pulasitiki ngati usipa wa pathandala?"

"Tikuopa mvula, che Sumani."

"Eee. Ine zilembo izi sindizidziwa, ankandiwerengera okha. Tsiku lina ndinabwera chimanjamanja, opanda ngakhale kansomba ka kambuzi kamodzi. Mawa lake analemba kuti, 'Petulo nayenso anachezera osakola kanthu, che Sumani musalire.' Doko lonse linandiseka mpaka Lachisanu, tsiku la Ijumaa. Ndinawafunsa kuti Petuloyo ngwa mudzi uti, tizikayalira limodzi ukonde."

Oswald anaseka mosafuna, kenaka n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja logwira nyundo lija.

Pamenepo anafika mayi a Enid ndi Oswald, a Marita, atavala duku lakuda, atanyamula kabeseni ka madzi ndi kansanza. Anayamba kumasula pulasitiki.

"Amayi, musatero!" Enid anawagwira mkono.

"Ndisiye, mwanangu. Ndachedwa kale. Bambo anu ankati mawu ali ngati mana a m'chipululu: sagonetsa, amagwa mphutsi. Ine ndinawafunsapo kuti, kodi mtima sukupwetekani kulemba zofufuta? Anaseka, akuti, 'Marita, Mulungu amalemba m'bandakucha, madzulo n'kufufuta, mawa n'kulembanso, ndipo sanadandaulepo. Buku langa likanadyedwa ndi chiswe m'kabati. Awa akudyedwa ndi anthu. Pali mlembi wokondwa kuposa ine?'"

Enid anabweza dzanja. Mayi ake anayamba kutsata chilembo chilichonse ndi chala, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kenaka n'kupititsapo kansanza. Enid ankawaona akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ankayesa ndi masewera chabe a munthu amene sanapondepo m'kalasi. Mawu akuti "kwatichera" atafufutika, anatembenuka n'kulira mwakachetechete.

"Basi, tsopano ndilichotse," anatero Oswald.

"Sindikukaniza," anayankha a Marita. "Ana ako ndi adzukulu anga, ndipo mantha akowo si abodza. Koma udikire kuche."

Mvula inagwa, n'kukata.

M'mawa Enid akusesa pabwalo anamva kulira kwa choko. Anathamangira kumtengo kuja. Mayi ake anali ataima pa bolodi, kachidutswa ka choko ka m'thumba la jekete la malemu kali m'dzanja. Zilembo zinali zazikulu, zina zopendekera, koma michira yake inkapindika ndendende ngati ya a Jeremiya.

"Amayi! Munaphunzira liti?"

"Madzulo aliwonse. Unkayesa ankanditumiranji ine kufufuta, chikhalirecho iwo manja ali nawo? Ankadziwa kuti ndili ndi manyazi kukhala pa benchi ngati mwana. Ndiye ankaima apo, ngati akuyang'ana nyanja, n'kumatchula chilembo chimene chala changa chafikapo."

Oswald anafika ndi nyundo yake. Anawerenga, n'kuwerenganso. Enid ankayang'ana dzanja logwira nyundo lija. Kenaka anagwedeza bolodi, napeza kuti msomali wa pamwamba unali utakhwepa. Anaukhomerera mpaka unalowa.

"Koma masalimo aja, amayi, muzisankha," anatero osawayang'ana.

"Choko changa n'chochepa, bambo a Hana. Sichingakwanire akuluakulu a dziko."

Che Sumani anatulukira ndi nkhafi yawo, n'kuima pamalo pawo paja.

"Aaa, bolodi ladzuka! Nanga lero likuti chiyani?"

A Marita anapukuta choko m'zala zawo, n'kugwedezera mutu Enid. Enid anawerenga mokweza monga ankachitira bambo ake:

"Inu amene mwaima kuwerenga, Ambuye akusungeni popita ndi pobwera. Mukole musakole, mubwere kwanu mukuseka."