Madzi a 6 Koloko

Pali chinthu chimodzi chimene Kachete anali asanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubereka: kwa miyezi itatu, madzi amene m'kope analembedwa kuti anatungidwa 6 koloko m'mawa, iye ankawatunga 2 koloko masana.

Dzina loti Kachete anam'patsa ndi anthu a pa siteshoni yofufuza za m'nyanja yamchere, pamene bambo ake ankagwira ntchito, poti kuyambira ali wamng'ono moni ankayankha ndi mutu. Bambo akewo aliyense ankawatchula kuti a Chidebe. Kwa zaka 23, m'mawa uliwonse, kaya kugwe mvula kaya kuwombe mphepo, ankapita kumapeto kwa mlatho wa padoko, kuponya chidebe cha chingwe m'nyanja, kuchikoka, kuviikamo choyezera kutentha, kuwerenga chamumtima mpaka 60, n'kulemba nambala m'kope. Lamulo linali limodzi: dzuwa lisanawombe madzi.

Zaka ziwiri m'mbuyomo a Chidebe anaterereka potsitsa boti, mwendo n'kuthyoka. Nthawi imeneyo makopewo panalibe ankawawerenga, ndipo abwana a nthawiyo anangoti, "Siyani mipata, mudzapitiriza mukachira." Koma a Chidebe mipata ankadana nayo. Ankati kope la mipata lili ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Ndiye anatuma mwana wawo. Kachete ankabwera ndi nambala pa kapepala, iwo n'kuilowetsa m'kope ndi dzanja lawo ali chigonere, mwendo uli m'chikhakha.

Sabata yoyamba anachita monga anauzidwira. Koma sukulu inali kutali, kuseri kwa phiri, ndipo geti ankatseka isanakwane hafu pasiti sikisi. Atachedwa kachitatu, aphunzitsi anam'gwaditsa kutsogolo kwa kalasi, siketi ili yonyowa ndi madzi amchere, anzake akufunsana ngati wadzikodzera. Kuyambira tsiku limenelo ankadzukabe m'mamawa, kutseka chitseko mwamphamvu kuti bambo amve, kubisa chidebe pansi pa boti lakutha, n'kuthamangira kusukulu. Madzi ankatunga poweruka. Ndani amayang'ana mwana wa sukulu wonyamula chidebe? Loweruka ndi Lamlungu lokha ndi pamene ankayeza pa nthawi yake. Ankadziuza kuti nyanja ndi nyanja, singasinthe chifukwa cha maola ochepa.

Atamaliza sukulu, pa siteshoni panabwera abwana atsopano, mayi wamtali wovala magalasi amene onse ankangoti a Dokotala. Iwo anafotokoza kuti masiteshoni ndi mayunivesite a m'mayiko angapo agwirizana zoika zoyeza zawo pamalo amodzi pa intaneti, zolembedwa mofanana, kuti wina aliyense azitha kuzitenga n'kugwiritsa ntchito. Mzere uliwonse uzinena tsiku, nthawi, malo, chipangizo ndi amene anayeza. Atapeza makope 31 a a Chidebe m'kabati yachitsulo, anakhala pansi pasimenti n'kumawatsegula limodzilimodzi ngati munthu wapeza makalata a malemu mayi ake.

"Bambo, mukudziwa kuti gombe lonseli palibe wina ali ndi zoyeza za zaka 23 zopanda mpata?"

A Chidebe anangokanda m'mutu, koma madzulo ake anagula mafuta opolishira nsapato.

Ntchito yolowetsa makopewo mu kompyuta inagwera Kachete, poti kusukulu anaphunzirako kutayipa. Anam'patsa tebulo pakona, pakati pa firiji ya mabotolo a madzi oyezedwa ndi zenera losatsekeka. Mizere inali yoposa 8,000. Atafika pa kope la 29, anasiya kutayipa. Nambala zakezo anazizindikira ngati ana ake. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana pa sikirini, kenako anatayipa 06:00. Mzere wotsatira 06:00. Ndipo pa danga la woyeza anaika dzina la bambo ake, monga mmene zinalili m'kope.

Patangotha sabata ziwiri chitumizireni, yankho linabwera kuchokera ku yunivesite ina ya kutsidya kwa malire. Kumeneko anali ndi chipangizo choyandama chimene chakhala chikuyeza madzi omwewo chapatali ndi gombe. A Dokotala anaitana onse ku tebulo lalikulu Lachitatu m'mawa n'kuyala pepala la mizere iwiri yokhotakhota, wobiriwira ndi wofiira.

"Wofiirawu ndi wanu, a Chidebe. Onani mmene ikuyendera limodzi, chaka ndi chaka, ngati mapasa. Koma apa." Analoza ndi cholembera. "Miyezi itatu iyi, madzi anu akutentha kuposa awo ndi madigiri awiri. Chodabwitsa, Loweruka ndi Lamlungu akufanana. Nyanja yanji yotentha Lolemba mpaka Lachisanu?"

"Imeneyo ndi nyanja ya m'boma," anatero woyendetsa boti, bambo wa mimba yake amene sankalola nkhani kudutsa osaithira mchere. "Kumapeto kwa sabata imapuma. Muifunse ngati imalandiranso penshoni."

Ena anaseka. A Dokotala sanaseke.

"Mvetsetsani. Tikadziwa chifukwa chake, tingolemba pambali pa mizere imeneyi kuti panachitika chakuti, zina zonse zidutsa. Nambala yolakwika yodziwika chifukwa chake imagwirabe ntchito. Koma tikapanda kudziwa, komiti ya mgwirizano uja iika chizindikiro chokayikitsa pa zaka zonse 23, poti adzati kaya kwinaku kulinso zotere. Zikatero palibe adzazikhudze. Atipatsa mpaka Lachisanu 12 koloko. Munkayeza nokha, bambo?"

"Dzanja lili m'kopemo ndi langa," anayankha a Chidebe, maso ali pa pepala.

Kachete anali pakona pake. Anamva firiji ikulira ngati ili m'mutu mwake.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, anapeza bambo ake pakhonde ndi choyezera chakale chija, beseni la madzi ndi makapu atatu. Ankaviika, kuwerenga, kupukuta, kuviikanso.

"Chili bwinobwino ichi," anatero. "Tabwera kuno, mayi wanga. Masiku aja unkawerenga mpaka 60?"

"Eee, ababa."

"Chidebe unkachidzaza? Sunkatunga a pamwamba pokha?"

"Ndinkadzaza."

"Choyezera sunkachigwira kumunsi ndi zala?"

"Ayi."

"Ndiye n'chiyani, Mulungu wanga?" Anavula magalasi n'kupukuta ndi malaya. "Kapena ndine ndinkakopera molakwa. Mankhwala aja ankandizunguza mutu."

Za nthawi sanafunse. Akanafunsiranji, poti chitseko ankachimva okha m'mamawa uliwonse? Kachete anatsegula pakamwa kuti aulule. Mayi ake anaitana kuchokera m'khitchini kuti akatsuke mbale, ndipo anathamangirako ngati wapulumuka ku ngozi.

Lachinayi lonse a Chidebe anali pa mlatho. Anayeza ndi chidebe cha pulasitiki, anayeza ndi chachitsulo, anayeza kumanzere, anayeza kumanja, kufuna kuona chimene chingakweze madigiri awiri. Kachete ankawaona pa zenera, akutsimphina pa matabwa, chipewa chili m'thumba, dzuwa likuwaphika pa dazi. Analemba kalata pa kompyuta, "A Dokotala, ndikupepesa", n'kuifufuta. Anailembanso, anaifufutanso. Anapita kuchimbudzi n'kuyeserera kunena pagalasi, koma ngakhale galasi linangomva mpweya.

Cha m'ma 2 koloko anawatengera madzi akumwa. Anawapeza atangokoka chidebe, akuyang'ana choyezera. Kenako bambowo anatulutsa kope, nayang'ana nambala ya m'mawa wa tsikulo. Anayang'ananso choyezera: kusiyana kwake kunali madigiri awiri. Woyendetsa boti, amene ankamanga chingwe pafupi, anakuwa:

"Mwaipeza nyanja ya m'boma ija, akulu? Kapena ndi ya sukulu, yoweruka 2 koloko?"

Ankangocheza, mwini wake sanadziwe n'komwe chimene wanena. Koma a Chidebe anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana wawo. Sanakalipe. Analandira botolo la madzi, anamwa, nabweza.

"Zikomo, mayi wanga. Bwerera ku ntchito, angakusowe."

Kunyumba sanaitchule nkhaniyo. Anadya pang'ono, anafunsa mng'ono wake wa Kachete za homuweki, anasita malaya awo oyera okha.

Lachisanu, 11 koloko itadutsa, a Dokotala anali ndi fomu yoyankhira pa sikirini, danga lofotokozera lili mbee. A Chidebe analowa atavala malaya oyera aja, nsapato zikuwala, chipewa chili m'manja. Anaima patsogolo pa tebulo ngati munthu wabwera kudzapepesa maliro. Kachete anali pakona, manja ali pa kiyibodi, osatayipa kanthu.

"Mayi, ndabwera kuti musavutikenso. Miyezi imeneyo ndinali nditathyoka mwendo. Ku mlatho sindinkafikako."

"Nanga nambalazi?"

"Ndinkangolemba za m'mutu."

A Dokotala anavula magalasi. "Za m'mutu. Zofanana ndi chipangizo cha anzathu Loweruka lililonse?"

"Mwayi, mayi. Munthu ukakhalitsa ndi nyanja umailota."

"Bambo, mukudziwa chimene mukunena? Ndikalemba kuti woyeza ankapeka nambala, sindingateteze ngakhale tsamba limodzi. Makope onse abwerera m'kabati. Ndipo nkhani ya ntchito yanu sikhalanso m'manja mwanga."

"Ndikudziwa. Lembani."

"Palibe wina amene ankakuthandizani?"

"Palibe. Mwanayu musam'funse, iye anangotayipa zimene anapeza."

A Dokotala anapuma mozama, nakokera kiyibodi pafupi. Anayamba kulemba ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, ngati akupereka mpata woti wina awaletse. Kachete anachotsa manja pa kiyibodi yake. Anaimirira, mpando unagwa kumbuyo kwake. Onse awiri anatembenuka.

"Khala pansi, iwe," anatero bambo ake motsitsa mawu.

Sanakhale. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawu oyamba anatuluka ophwanyika, moti a Dokotala anachita kupendeketsa mutu.

"Ukuti chiyani, mwanangu?"

"Ndikuti ababa sanapeke. Ndinkayeza ndine. Nambala zonsezo n'zoona, koma nthawiyo ndi yabodza. Masiku a sukulu ndinkatunga 2 koloko masana, poweruka. Ababa sankadziwa, ndinkawanamiza ndi chitseko. Pa danga la woyeza mufufute dzina lawo, mulembe langa."