Thabwa la Mayina la ku Tallabrin

Mejala Prowse anachokera ku Brisbane kudzatseka kampu yathu ya ku Tallabrin, ndipo ndinadana naye asanatsike n'komwe m'galimoto. Ife ndife asilikali apambali: yunifolomu timavala Loweruka ndi Lamlungu, masiku enawo aliyense ali pa ntchito yake. Ine Noreen ndine sajeni, koma Lolemba mundipeza ndikupala misewu ndi giledala ya khonsolo. Asilikali okhazikika ngati Prowse amatitcha a chokoleti, ati dzuwa likaswa mtengo timasungunuka.

Zotseka kampu tinali titazimeza kale. Chimene chinatiima pakhosi ndi thabwa la mayina. Linapachikidwa mu holo yathu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndipo linali ndi mayina a anyamata a m'tauni muno, a chokoleti anzathu, amene anakafera m'nkhalango za New Guinea. Banja lililonse linalemba lokha dzina la wakufa wake ndi penti wagolide. La bambo ake a mkulu wina, Des Kerrigan, analemba ndi mayi a Des, iye akadali wakhanda.

Des anabwera kwa Prowse atavala jekete lake la kumaliro, chipewa chili m'manja.

"Bwana, lisiyeni m'tauni muno. Tilipachika ku holo ya khonsolo."

"Agogo, ameneyu ndi katundu wa boma," anatero Prowse osadzutsa mutu pa mapepala. "Likupita kosungira katundu ku Brisbane. Mukalisowa mudzalembe kalata."

"Dzina la bambo anga ndilione polemba kalata?"

"Sajeni, aperekezeni agogowa panja."

Ndinawaperekeza. Tili panja ndinalumbira chamumtima kuti munthu ameneyu sachoka kuno nsapato zikuwala.

Mpata unadzibweretsa wokha Loweruka m'mawa. Prowse anayala mapu pa galimoto, akufulumira kuti akafike ku Brisbane tsiku lomwelo.

"Sajeni, msewu waufupi ndi uti, wa tala kapena uwu wodutsa pamtsinje wouma?"

"Wa pamtsinje, bwana."

Sindinaname, ndi waufupidi. Kungoti mvula inali itagwa kumapiri masiku awiri apitawo, ndipo kuno ngakhale mwana wasukulu amadziwa kuti madzi amenewo amafika pakadutsa masiku awiri, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ntchito ya sajeni ndi kunong'oneza bwana zimene mapu sanena. Ine ndinasoka pakamwa. Ndinkafuna atitimire m'makande, aswere padzuwa ndi ntchentche, kenako apemphe a chokoleti kuti akamukoke.

Thabwa linali m'lole yanga, yodzera msewu wa tala. Titatsala pang'ono kunyamuka, Prowse analoza lole ija.

"Limenelo lilowe m'galimoto yanga. Ndikukudziwani anthu inu, lisochera panjira."

Kopolo Wal Dunstan anandiyang'ana, thabwa lili paphewa.

"Sajeni, simulankhula?" anandinong'oneza.

"Wamva lamulo, Wal. Kweza."

Ndinadzinamiza kuti ndi matope chabe, thabwa siliopa matope. Zoona zake n'zakuti mkwiyo unali ukundikomera.

Wailesi ya mauthenga ya m'lole inalira cha m'ma leveni: Prowse watitimira pamtsinje, madzi akubwera. Tinamupeza Prowse atakumbatira nthambi ya bulugamu, nsapato imodzi palibe, madzi ofiira akulindima pansi pake. Galimoto inali itaima pakati pa mtsinje matayala atamira, madzi n'kudzaipeza pomwepo n'kuigubuduza. Tinamuponyera chingwe. Ndisabise, pamene ankakwawa kutuluka m'matope ngati mwanawankhosa wongobadwa kumene, mtima wanga unavina.

"Thabwa lija," anatero akulavula madzi. "Ndinayesetsa kuligwira, Sajeni. Pepani."

Zikhatho zake zinali zitang'ambika.

Tinasaka milungu iwiri m'mphepete mwa mtsinje. Tinatola tayala, chikwama chake ndi nkhosa zakufa, koma thabwa osalipeza. Pa kafukufuku, Prowse anavomera yekha kuti njira anasankha ndi iye, ndipo anamuchotsa pa udindo n'kumukhazika mu ofesi ina yopanda mawindo. Wal sanaulule zimene ndinachita. Tauni yonse inati safunsa anadya phula, ndipo kumalo omwera mowa anthu ankalimbirana kundigulira posangalala kuti wamatama wagwa.

Tsiku lina masana Des anadzakhala pafupi nane, n'kundiikira botolo patsogolo.

"Imwa, mwana wanga. Mulungu wamulanga wamatama uja." Anamwa pang'ono, kenako anayamba kutembenuzatembenuza botolo lake. "Koma Noreen, msewu uja umapala ndiwe. Sanakufunse?"

"Anandifunsa kuti waufupi ndi uti."

"Thabwa linali kuti nthawi imeneyo?"

Ndikanatha kunama. Ndinangoyang'ana pansi.

Des anavala chipewa chake pang'onopang'ono, mowa n'kuusiya pakati. Munthu amene anandinyamula pa ubatizo wanga anaima chilili ngati ali pa perete.

"Tsalani bwino, Sajeni," anatero. Mpaka tsiku limene tinamuika m'manda, sananditchulenso mwana wake.