Akalulu a Zala Zinayi

Kuzizira kutangotha, mitengo ya pabwalo itayamba kutulutsa timasamba tanthete, kalulu yemwe timaweta kuseri kwa makalasi anaswa. Basitu sukulu inasokonekera. Ana anga a kalasi yachiwiri ankabwera kuchokera ku buleki mawondo ali mbuu chifukwa chogwada pakhola. Ndikafunsa kuti ziwiri kuphatikiza zitatu ndi zingati, wina ankakweza mkono mwaulemu n'kundiuza kuti kakuda kaja katsegula maso. Ndinati chabwino, poti mitu yanu yadzaza akalulu, Lachisanu tipanga athu a mapepala, tidzaze khoma lonse.

Ine chinthu chikandisangalatsa sindigwirika. Ndinasaka mapepala amitundumitundu, ndinapempha thonje kwa mlamu wanga wosoka mapilo, masizasi ndinabwereka makalasi atatu. Kunyumba ndinapeza bambo a ana anga akumwa tiyi, ndinangowalanda dzanja lamanja n'kuliika papepala.

"Mayi, ndalakwanjinso?"

"Tambasulani zala, musagwedere."

Kapangidwe kake n'kosavuta, mukamauzidwa. Umatsatira dzanja ndi pensulo kuzungulira zala zonse, n'kudula chithunzicho ndi sizasi. Kenako umachotsa chala chapakati. Ziwiri zoyandikana nacho zimasanduka makutu, chachikulu ndi kakumapeto umazipindira mkati kukhala timikono. Pachikhatho umajambula maso, mphuno ndi ndevu, kumbuyo n'kumata kathonje ka mchira. Chala chodulidwa chija sindinafune kuchitaya. Ndinachipaka krayoni wa olenji, chinakhala karoti, ndinachimata m'timikono muja. Ndinadziombera m'manja ndekha.

"Ameneyu si kalulu," anatero bambo aja atayang'ana kukula kwa dzanja lawo. "Ndi mwana wa ng'ombe."

Musaganize kuti m'chisangalalo chonsechi ndinamuiwala Kajuzi. Ameneyu ndi mtsikana yemwe anabwera pasukulu pathu kuzizira kuli pakati. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa juzi yake yobiriwira sinkachoka pathupi, ndipo mkono wamanzere wa juziyo unkakhala wokokedwa mpaka kuphimba dzanja lonse. Kukuzizira palibe ankadabwa. Koma tsopano anzake onse anali atavula, iye akadali momwemo, thukuta lili kamukamu pamphuno.

Tsiku lomwe anabwera naye, mayi ake anandiitanira pambali. Ndi mayi wamtali, wolankhula motsitsa, wogwira ntchito yochapa pa hotela ina.

"Aphunzitsi, dzanja lamanzere la mwanayu linabadwa losiyana ndi la anzake. Komwe tachoka anamuseka mpaka anayamba kubisala pansi pa bedi ikakwana nthawi ya sukulu. Ndamunyengerera movutikira kuti ayesenso. Akasekedwanso kuno, ndikumudziwa, sadzapondanso m'kalasi. Chonde, musamukakamize kulitulutsa."

Ndinalonjeza. Dzanjalo ngakhale ine sindinalionepo, ndipo sindinafunse. Pokonzekera za akalulu ndinaganiza kuti palibe vuto, lamanja lili bwinobwino, ajambula limenelo.

Lachisanu ana anafika belu lisanalire, ngakhale aja omwe amabwera tikumaliza nyimbo ya fuko. Nditatulutsa kalulu wa bambo a kunyumba m'chikwama, kalasi inaphulika. Ena anakwera pamadesiki. Wailesi, mnyamata wokhala desiki imodzi ndi Kajuzi, yemwe pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akutafuna, anali atalengeza kale kuti wake akhala wamkulu kuposa wa m'khola, ndipo azidya anzake. Ndinagawa mapepala, aliyense akulimbirana achikasu ngati enawo ali ndi minga.

"Tamverani! Ikani dzanja papepala, tambasulani zala, mutsatire ndi pensulo. Yambani!"

Manja anagwa pamadesiki kuti phaphapha. Ndinayang'ana mzere woyamba, wachiwiri. Pensulo ili kumanja. Papepala pali dzanja lamanzere. Mwana aliyense! Nanga akanachita bwanji? Ine kunyumba ndinajambula dzanja la munthu wina, n'chifukwa chake sizinandifike m'mutu kuti wojambula lake amagoneka lamanzere.

Kajuzi anali atagwira pensulo, mkono wa juzi uja uli pansi pa desiki, maso ali papepala loyera. Wailesi anali atatembenuka kale, kukamwa kukutseguka.

"Aphunzitsi, Kajuzi saku..."

"Imani nonse! Ndasintha!" Ndinakuwa mpaka aphunzitsi a kalasi yoyandikana anasuzumira pawindo. "Awiriawiri. Aliyense ajambule dzanja lamanja la mnzake. Lamanja ndati, lodyera!"

Ana amakonda chisokonezo, choncho palibe anafunsa chifukwa. Anayamba kugirigishana ndi mapensulo pakati pa zala, kuseka mpaka kugwa. Wailesi anagwira dzanja lamanja la Kajuzi n'kumalizunguliza pensulo, akumufotokozera za amalume ake omwe akuti anawetapo kalulu wolemera ngati mbuzi. Ndinaona kamtsikanako kakumwetulira pang'ono. Ndinapumira m'mwamba, ndikudzitama mumtima kuti uphunzitsi ndimautha.

Ndiye inafika nthawi ya masizasi. Abale, chala chapakati chija! Kwa munthu wamkulu n'kungoti tswi, chachoka. Koma mupatseni mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sizasi yobuntha, mumuuze adule chapakati chokha. Wina anadula cha mkombaphala. Wina anadula ziwiri nthawi imodzi, kalulu wake n'kutsala ndi khutu limodzi, iye n'kuyamba kulira ngati wadula lake lenileni. Ambiri anasiya chitsa pakati pa makutu, akalulu okhala ndi nyanga. Wailesi anawononga mapepala atatu, koma sanadandaule. Anapaka zala zonse zodulidwazo olenji n'kumayenda kalasi yonse kuonetsa anthu kuti iye ndiye mwini munda wa makaroti.

Ndinapita kwa Kajuzi. Ankapanikiza pepala ndi chibakera chokutidwa ndi juzi, ndipo pepalalo linkangoterereka. Sizasi inalowa mopendama, khutu lonse linagwa pansi.

"Bwera nacho ndikudulire, mwanangu."

Anapukusa mutu. Mwanayu ndi wofatsa, koma kuchitiridwa zinthu safuna. Ndinamuikira pepala lina, lachikasu lomaliza lomwe ndinabisa m'kaundula, ndipo ndisananene kanthu kumbuyo kunabuka mfuu. Atsikana awiri anali atamatana thonje m'tsitsi, aliyense akuti mnzakeyo ndiye anayamba. Ndinathamangira kumeneko. Guluu ndi tsitsi la mwana wa eni, amene munaphunzitsapo mukudziwa kuti si nkhani yothana nayo msanga.

Ndili pakati pothothola thonjelo, ndinamva mawu a Wailesi pamwamba pa phokoso lonse.

"Aphunzitsi! Uyu wabera! Kajuzi wabera!"

Ndinatembenuka. Wailesi anali atabwerera pamalo pake, atanyamula m'mwamba kalulu wachikasu. Kalulu wake ndiye anali kalulu. Makutu awiri aatali otasa bwino, pakati pake posalala, popanda chitsa, popanda pong'ambika. Ngakhale wanga uja sankafikapo.

"Wina wamupangira! Ngati wapanga yekha, karoti wake ali kuti? Tonse tili ndi makaroti. Chala chomwe wadula chili kuti?"

Anasuzumira pansi pa desiki, anatukula mabuku, anayang'ana mpaka m'nsapato. Ana ena anayamba kuunjikana. "Eetu, karoti ali kuti?" Ine pakati pa iwo ndi ine panali madesiki, zikwama ndi ana okhala pansi, zala zanga zitamatana ndi guluu. Ndinayamba kudzipanikiza pakati pa madesikiwo. Ndinachita mantha, mantha enieni. Ndinkaona kale mpando uja uli wopanda munthu Lolemba.

"Sindinabere," anatero Kajuzi. Aka kanali koyamba kuti kalasi yonse imve mawu ake.

"Nanga karoti?"

"Palibe. Sindinadule."

"Bodza! Aliyense amadula."

Mwana amapirira zambiri, koma kumutchula wabodza pa chinthu chomwe wachivutikira yekha, ayi. Kajuzi anakwinya nkhope, anakoka mkono wa juzi mpaka m'chigongono, n'kumenyetsa dzanja padesiki.

Ana onse anasuzumira padzanjalo. Panali chala chachikulu, chotsatira chake, kenako mpata wakuya wotsikira m'chikhatho, ndiye zala ziwiri zinazo. Chapakati panalibe. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mwanayu, Wailesi akuyendayenda ndi makaroti ake, anajambula dzanja lakelo pamwendo, pansi pa desiki.

Wailesi anayang'ana dzanja, anayang'ana kalulu. Anatambasula timikono ta pepala tija, n'kumugoneka kaluluyo pamwamba pa dzanjalo. Zinakwanirana ndendende. Ndinamuona akukoka mpweya, ndipo ndinapemphera kuti Mulungu agwire lilime limenelo kamodzi kokha.

"Aphunzitsi, izi si zachilungamo!" anakuwa. "Ife tikuvutika ndi masizasi obuntha, chonsecho uyu ali naye kale wokonzakonza! Iwe, bwanji sunanene? Ndawononga mapepala atatu ine!"

Kamtsikana kena, kaja ka thonje m'tsitsi, kanasendera pafupi.

"Limapweteka?"

"Ayi."

"Nanga chala chinapita kuti?"

"Sichinabwere."

Kanagwedeza mutu ngati kamva za mwana yemwe wajomba kusukulu. Wailesi anali atatembenuza kale pepala lake lowonongeka n'kulisunthira kwa Kajuzi.

"Undibwereke dzanjalo. Pang'ono pokha, ndikubwezera."

Kajuzi anakweza mutu. "Undipatsa chiyani?"

"Karoti. Awiri. Chabwino, onse atatu."

Dzanja linatera papepala. Wailesi anatsatira ndi pensulo, lilime lili kunja, ndipo chiyambire chaka ndi nthawi yokhayo yomwe ndinamuona ali chete. Asanamalize, kumbuyo kwake kunali kutayamba kukankhana, aliyense pepala m'manja, karoti m'mwamba. Ine ndinali nditafika tsopano. Ndinagwada pambali pa Kajuzi, mtima usanakhazikike, chifukwa kusekedwa ndi kuonereredwa nthawi zina zimayenda limodzi.

"Mwanangu, ukufuna zimenezi? Ukakana ndiwabweza onse pompano."

"Aime pamzere," anandiyankha osandiyang'ana. "Okankhana sindiwapatsa."

Simunaone mzere wowongoka ngati umenewo. Ine ndakuwa chaka chonse osaupeza. Mapepala atatha tinang'amba makatoni, makatoni atatha tinatenga kalendala yakale ya muofesi ya ahedi. Thonje linkauluka m'kalasi monse, ndevu za akalulu zikujambulidwa mpaka pamasaya a eni ake. Kajuzi ankalamula ngati kapitawo: uyu pensulo yake njobuntha akasongole, uyu akugirigisha abwerere kumbuyo. Kalulu wake anali atakumbatira mulu wa makaroti mpaka nkhope osaoneka. Nthawi ina pakati pa zonsezi kutentha kunamukwana, anavula juzi n'kuikoleka pampando. Ndinayang'ana kumbali msanga kuti asaone kuti ndaona.

Belu lowerukira litalira, khoma lonse linali litadzaza, kuyambira pachitseko mpaka pabolodi. Ana anatuluka akudumpha chaakalulu. Ndikusesa zidutswa, ndinamva munthu akuodira pakhomo. Anali mayi a Kajuzi, atavala yunifolomu yawo ya kuntchito. Chimwemwe changa chonse chinauma. Ndinalonjeza mayiwa kuti dzanja la mwana wawo silioneka, ndipo apa linali pakhoma kambirimbiri, lachikasu, lofiira, la katoni, la kalendala.

"Mayi, lowani. Ndikufotokozereni momwe zinakhalira..."

Sanandimve. Anayenda pang'onopang'ono kutsata khomalo, chikwama chili m'khwapa. Anaima pa kalulu wina wopindika maso, wolembedwa dzina la Wailesi m'munsi mwake. Anakweza chala n'kuchiyendetsa mumpata wa pakati pa makutu, kutsika, kukwera, monga momwe ayenera kuti anachitira kambirimbiri posambitsa mwana wawo.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero motsitsa. "Onsewa?"

"Onsewa, mayi. Koma sindinamukakamize, ndikulumbira."

Kajuzi analowa akuthamanga kuchokera kukhola, manja onse ali pamtunda, udzu uli m'zala.

"Amayi, mwaona? Wanga ndi uyo wa makaroti ambiriyo. Lolemba mundidzutse msanga, a kalasi yachitatu akuti nawonso akufuna, ndiye ndawauza abwere ndi mapepala awo." Anatambasula dzanja lamanzere lija, lili bii ndi mizere ya pensulo m'mbali mwa zala. "Koma latopa. Mundinyamulire chikwama."

Mayi aja anawerama kwa mwana wawo. Misozi inali ikutsika, osaipukuta. Anatenga chikwamacho, kenako anagwira dzanja lakuda ndi pensulolo, poyera, n'kutuluka nalo. Ine ndinalira ndi tsache m'manja, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nditamaliza kusesa ndinapeza juzi yobiriwira ili pampando. Ndinaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko kuti mwini wake adzaitenge Lolemba. Masamba a mitengo ija akula tsopano, tiana ta kalulu tagawidwa, ndipo juziyo ikadali pamsomali pomwepo.