Opita Kumudzi

"Ndiye mukuti angati amapola?"

"Pa anthu teni, eyiti. Mwina naini."

"Mwina? Ba Dingani, munapita ku yunivesite kukaphunzira mwina?"

Dingani anaseka, koma Magdalene, mlongo wake wamng'ono, chifuwa chinamugwira mpaka anapindika pamphasa. Amayi awo ankafuna kumukweza basi ya kumudzi ku Chipata Loweruka. Dingani ankafuna kuti akhale m'tauni momwemo, ku Chawama, amalize mankhwala a TB, ndipo chomunyengerera nacho chinali manambala basi.

Ntchito yake ku bungwe lina lofufuza za umoyo inali yowerengera odwala amene achira. Chitsekereni makampani, anthu m'komboni ankasamuka ngati nyerere, ndipo pa odwala atatu alionse mmodzi sankapezekanso. Lamulo la muofesi linali losavuta: osowawo ndi ofanana ndi opezekawo, monga nyemba za m'thumba limodzi. Ukatapa dzanja limodzi wadziwa thumba lonse.

Kwa othawa lendi lamulolo linkagwira. Koma ofufuza akagogoda pakhomo, ambiri ankayankhidwa kuti, "Anapita kumudzi," ndipo abwana, mzungu waulemu, ankamva kuti munthuyo wasamuka. Dingani anabadwira ku Chawama. Ankadziwa kuti wodwala sapita kumudzi kukalima. Amakwezedwa basi akadapuma, chifukwa mtembo sukhala pampando.

Anali atawerengeranso payekha. Ngati opita kumudzi onse ali moyo, ochira ndi naini pa teni. Ngati onse anamwalira, ndi faifi ndi kanyenyeswa. Yankho loona linali penapake pakatipo, mumpata woti minibasi n'kudutsa osakhudza. Kuntchito akanasangalala nayo nkhani yovuta chonchi. Pano anaimeza.

"Eyiti kapena naini," anabwereza. "Ukhale chabe, umwe mapilisi. Amayi nikamba nawo ine."

Magdalene anapukuta pakamwa ndi chitenje, nayang'ana malata.

"Ketty wa pampopi uja anali mu vinthu vanu, si mwamene? Anamupatsa na kakhadi."

"Anali."

"Anamwa mapilisi onse?"

"Sinidziwa. Sitinamupezenso."

"Anapita kumudzi mu Epulo. Ba mayi bake anabwerako okha, na duku yakuda."

Panja wogulitsa makala ankakuwa kuti malasha, malasha.

Magdalene anatembenuka movutikira, namuyang'ana m'maso.

"Manje ba Dingani, mu eyiti yanu ija, Ketty alimo?"