Nkhope ya Pachikuto

Makina osindikizira anali akulavula masamba otentha pamene mlamu wake wa Mlembi analowa m'kashopu ka Mlembiyo, mpango atautsitsira mpaka m'maso. Sanapereke moni. Anakankha chitseko ndi chidendene, anakhala pa mulu wa mapepala, kenako anavula mpangowo.

Diso lakumanzere linali litatupa mpaka kutsekeka, ndipo mlomo wam'munsi unali wong'ambika.

"Achimwene?" anafunsa Mlembi, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Nanga ndili ndi amuna angati, alamu?"

Mlembi anazimitsa makina. Khoma lonse la kashopuko linali lodzaza ndi nkhope ya mkulu wakeyo. Ntchito ya Mlembi inali kulemba timabuku ta nkhani zandewu, ndipo ngwazi ya m'timabuku tonseto inali imodzi, dzina lake Nyundo. Nyundo ankalumpha mipanda, kuthyola zitseko za mbava, kumangirira mabwana akuba pamipando yawo yomwe, ndipo zipolopolo zinkangomulambalala. Pamene Mlembi ankayamba analibe wojambula zithunzi, choncho anaimika mkulu wake, wowotcherera zitsulo wa chifuwa chotambalala, n'kumujambula pa foni atagwira nyundo. Kabuku kameneko kanatha ngati kaulere. Kuyambira pamenepo chikuto chilichonse chinkatuluka ndi nkhope yomweyo, mpaka anthu anaiwala dzina lenileni la wowotchererayo. Nayenso anayamba kuyenda atatangadza manja ngati ali ndi zithupsa m'khwapa, ndipo ukamuitana dzina lomwe anam'patsa amayi ake sankatembenuka.

"Ndikupita," anatero mlamu uja. "Loweruka akangotuluka kupita kuntchito, ine ndikakwera basi. Achemwali anga anasamukira kutali, ndipo achimwene anu sadziwa kumene ali."

"Nanga wina akakuonani kudepoti?"

"Andione ndani? Munthu sandilola n'kupita kumsika komwe. M'tauni muno palibe wodziwa nkhope yanga. Phindu la kutsekeredwa m'nyumba ndi lomwelo."

"Mundilole ndikalankhule nawo kaye, alamu."

Mayiyo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mbali yosang'ambikayo. "Mwalankhula nawo kangati? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Inu mumadyera nkhope yawo, ine ndimadya zibakera zawo. Chimene ndabwerera n'chimodzi. Foni yanga anaiswa. Mundijambule diso ili lisanaphwe, kuti ndikafika achemwali ndi apolisi akumeneko asakanene kuti ndikupeka."

Mlembi anamujambula.

Mlamu atachoka, mawu aja a kudyera nkhope anatsala m'kashopumo. Anamuwawa Mlembi chifukwa anali oona. Iye chibadwire sanamenyepo munthu. Kusukulu ankathawira kumbuyo kwa mkulu wake, ndipo atakula anangopitiriza kuthawira komweko, kungoti tsopano ankachita pa pepala. Tsiku limenelo manyazi anasanduka ukali, ndipo ukali wa munthu wamantha umafuna poonekera. Anaganiza kuti Nyundo anamuumba yekha, ndiye amugwetsanso yekha, pamaso pa tauni yonse.

Anakhala pa kompyuta n'kulemba osadzuka. M'kabuku katsopanoko Nyundo anagonjetsa mbava monga mwa masiku onse, anthu n'kumunyamula pamapewa. Kenako anafika kunyumba, anapeza madzi osamba atazizira, ndipo anamenya mkazi wake mpaka kugwera pa makina osokera. Mlembi sanawonjezere kanthu ndipo sanachotse kanthu. Pachikuto anaika nkhope ya mkulu wake monga kale, koma pansi pake anaikapo chithunzi cha mlamu, diso lotupa lija lili poyera. Anadziuza kuti mawu munthu angathe kuwakana, koma diso sangalikane. Mwini disoyo sanamufunse. Ankadziwa kuti akana, ndipo anadzitonthoza kuti akumuchitira zabwino.

Timabukuto anatipititsa kwa mayi wina wogulitsa nyuzipepala pachipata cha depoti, yemwe ankatipachika pa chingwe ndi zopanira zovala. Mayiyo anayang'ana chikuto, anawerenga masamba omalizira, n'kugwedeza mutu.

"A Mlembi, kulemba mumatha, koma owerenga anu simuwadziwa."

"Ndikufuna aone chimene amachiombera m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Nyererezo akuzidziwa, amagona nazo," anatero mayiyo. "Munthu walalatiridwa ndi bwana tsiku lonse. Pobwerera wapolisi wamugwira lamba popanda chifukwa. Kufika kunyumba wapeza landilodi wazula chitseko. Paliponse iye ndi wopepesa. Akatsegula kabuku kanu amafuna munthu mmodzi yekha amene sapepesa. Ndiye inu mukufuna kuwalanda ameneyo?"

"Akaona diso ili amusiya okha."

"Diso aliona ndithu. Koma afunsa kuti mkaziyo anachita chiyani."

Mlembi anachoka atakwiya, akuti mayiyo ndi wouma mtima. Koma Lachisanu masana, atakhala pamzere kwa wometa, anamva yekha. Amuna anali kulandirana kabuku kaja, wina akuwerenga mokweza.

"Apa Mlembi watibisira kanthu," anatero wina wometedwa theka la mutu. "Nyundo samenya munthu wosalakwa. Tawerenga timabuku tonse, anayamba wamenyapo wosalakwa?"

"Mkaziyu ndi kazitape wa mbava zija," anayankha wometa, lumo lili m'mwamba. "Madzi ozizirawo chinali chizindikiro. Muona m'kabuku kotsatira."

"Tangoonani diso linalo mmene likuyang'anira. Diso la njoka!"

Onse anaseka. Lamulo loti Nyundo salakwa sanalitole pamsewu anthuwo. Anawaphunzitsa ndi Mlembi mwini, kabuku ndi kabuku, ndipo anali ophunzira abwino. Anatuluka osameta.

Mkulu wake sankawerenga timabukuto, ndipo sabata imeneyo ankaika mageti kunyumba ina kunja kwa tauni, choncho nkhani inali isanamufike. Mlamu naye, wotsekeredwa m'nyumba uja, sankadziwa kanthu. Mlembi anaganiza zopita kukamuuza, anafika mpaka pakona ya msewu wawo, n'kubwerera. Anati Loweruka lili pafupi, zidutsa.

Loweruka m'mawa Mlembi anakumana ndi mlamu wake kuseri kwa sitolo ya utoto. Mayiyo anali ndi chikwama chimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ankayenda mopepuka. Diso linali litayamba kuphwa.

"Makina osokera ndawasiya," anatero. "Akawawotcherere pakhoma ngati akufuna."

"Tilowere chipata chakumbuyo, alamu."

"Chifukwa chiyani? Basi yanga imaima kutsogolo."

Anadutsa pachipata chakutsogolo. Pa chingwe cha mayi wa nyuzipepala panali patapachikidwa timabuku totsala, ndipo mphepo inkatigwedeza. Mlamu anaima. Anaona nkhope yake, ina pambali pa inzake, diso lotupa, mlomo wong'ambika, pansi pa chithunzi cha mwamuna wake. Anatembenuka n'kuyang'ana Mlembi. Kenako anangokokera mpango kumaso n'kufulumira kukakwera.

Koma woitanira basi anali atamuona kale.

"Eee! Anthuni! Si mayi a pachikuto awa?"

Mawu otere pa depoti sachedwa. Ogulitsa madzi, onyamula katundu, oyendetsa njinga zamoto, onse anathamangira pa basi ija. Ena anakweza timabuku pawindo kufananitsa nkhope.

"Ndi yemweyo! Kazitape uja!"

"Akuthawa ndi chikwama! Nyundo akudziwa?"

"Mayi, m'chikwamamo muli chiyani? Mapu a mbava?"

Ambiri ankangoseka, ngati aona wosewera wa pa kanema akugula tomato. Koma wa njinga yamoto wina, yemwe ankadziwa kumene wowotcherera uja ankaika mageti, analiza njinga yake n'kuuyatsa ulendo.

Mlembi anathamangira kwa dalaivala, bambo wonenepa yemwe ankatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Adalaivala, chonde nyamukani. Basi yadzaza."

"Yadzaza, inde," anatero dalaivala osamuyang'ana. "Koma injini imafuna kupuma."

"Munthu afa uyu!"

"Afa bwanji? Nyundo sapha akazi. Ine ndawerenga timabuku tonse, koma mwiniwake sindinamuonepo maso ndi maso. Ndimusiye lero akubwera yekha?" Anatembenukira kwa okwera. "Kapena pali wofulumira muno?"

Panalibe wofulumira. Mayi wina wachikulire yemwe anakhala pafupi ndi mlamu anamusisita paphewa n'kunena kuti banja ndi kupirira, mwamuna wotere akazi ambiri amangomulota.

Mlembi anakwera pa sitepe ya basi n'kukuwa ndi mawu onse amene anali nawo. "Tamverani! Nyundo kulibe! Ndinamupeka ndine! Munthu wa pachikutoyo ndi mkulu wanga, wowotcherera zitsulo basi. Sanagwirepo mbava ngakhale imodzi. Amene iye amawamenya ndi mayi awa okha!"

Anthu anaphulika nako kuseka.

"A Mlembi, nsanje!" anakuwa woitanira uja. "Inu ntchito yanu ndi kulemba. Zochita musiyire eni ake."

Wina anamukoka malaya n'kumutsitsa, osati mwaukali, koma ngati mmene umachotsera mpando pakhomo.

Njinga yamoto ija inabwerera ikuliza hutala. Kumbuyo kwake kunali wowotcherera, ovolosi itamangidwa m'chiuno, magalasi akuda ali pamphumi. Depoti yonse inaimba mluzu. Mafoni anakwera m'mwamba. Anthu amene moyo wawo wonse unali wopepesa anamupatsa njira, nkhope zawo zikuwala, ena akumugwira mkono kuti akanene kunyumba. Iye anawakwezera chibakera, ndipo iwo anakuwa kwambiri.

Wina anam'patsa kabuku. Anayang'ana chikuto nthawi yaitali, kenako anayang'ana mng'ono wake.

"Mphwanga," anatero motsitsa, akumwetulira, "iwe ndi ine tikambirana."

Analowa m'basi. Sanakweze mawu, sanakweze dzanja. Anatenga chikwama pamiyendo ya mkazi wake mwaulemu ngati wonyamula katundu wa kuhotela, n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba, mayi." Okwera anaomba m'manja.

Mayiyo anayang'ana dalaivala, anayang'ana okwera, anayang'ana khamu lomwe linali panja. Anali kufunafuna nkhope imodzi yosasekerera, ndipo sanaipeze kupatula ya mlamu wake, yomwe inalibe ntchito. Anadzuka.

Potsika anaima pafupi ndi Mlembi. Mlembi anali atakunga zibakera, zibakera zake zofewa zodetsedwa ndi inki, koma zinangolendewera m'mbali.

"Alamu, ine ndimafuna anthu aone..."

"Aona," anatero mayiyo. Mawu ake anali ozizira, opanda misozi. "Zaka zonsezi ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chimene achimwene anu sanandilande. Palibe ankandidziwa. Chimenecho mwandilanda ndinu."

Anatsatira mwamuna wake kudutsa pakati pa anthu, omwe anawaperekeza mpaka kuchipata akuimba mluzu. Dalaivala anataya kamtengo kake ka machesi, analiza injini, ndipo woitanira anayamba kukuwa kuti patsala mpando umodzi.