Madigiri Atatu a Moto

"Tasiya sipanalayo," anatero achimwene ake ataima pakhomo la galaja. "Okoka galimoto afika masana ano. Sindikufuna munthu aliyense agwire chinthu chimenechi."

Injiniya sanasiye. Anali atatsegula kale boneti ya kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri, ndipo ankamasula pulagi yoyamba, kachitsulo koyatsa moto mu injini. Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo ake, monyogodola, tsiku limene anabwera ndi laputopu m'galajamo atamaliza koleji. Linamukakamira mpaka makasitomala anaiwala kuti mtsikanayu ali ndi dzina lina. Tsopano panali patapita masiku anayi chiikireni bambowo m'manda. Abale anali atabalalika, mipando yobwereka itasanjikizidwa kukhoma, ndipo pakhomo panatsala anthu atatu osayang'anana m'maso: iye, mayi ake, ndi achimwene akewa, munthu wa mu ofesi amene pa galimoto ankangodziwa pothira petulo.

Bambo ake anamwalira Loweruka m'mawa. Anatenga galimotoyo kukaiyesa pa msewu wowongoka wa kuseri kwa mafakitale, ndipo woyendetsa lole wina anawapeza atatsamira chiwongolero, lamba ali m'chiuno, mphuno ya galimoto ili mu ngalande, oyilo ali mbwee pansi. Adokotala anati ndi mtima. Amene anakoka galimoto, ataona oyilo uja, anati injini yaphulika. Anthu pa maliro, omwe sachedwa kusoka nkhani, analumikiza ziwirizo: injini inaphulika ili pa liwiro, mkulu uja anadzidzimuka, mtima n'kuima. Ankanena mwachisoni ndithu, osadziwa kuti mawu awo akumulasa mwana wa malemu.

Pajatu injini imeneyo sinali mmene inachokera ku fakitale. Bambo ake anachotsa kilanki, chitsulo chimene mapisitoni amapalasa, n'kuikamo ina yotalikitsa ulendo wa pisitoni. Injini yotere imameza mpweya wambiri, imaupanikiza kwambiri, ndipo sikhululuka. Moyo wake wonse umakhala pa mapu a moto, ndandanda ya manambala mu kakompyuta ka galimoto, youza pulagi nthawi yothetheka pa liwiro lililonse. Ukachedwetsa moto, galimoto imachita ulesi. Ukaufulumizitsa pang'ono, imadzuka. Ukapyola malire, petulo amaphulika pisitoni isanakonzeke, injini imagogoda m'kati, ndipo pakangopita timasekondi pisitoni yabooka.

Bambo ake ankatchera moto ndi khutu, sikuludiraiva yaitali ataigunditsa pa injini, chogwirira chili kukhutu. Mapu awo anali amantha, kapena tinene aulemu. Injiniya anawerengera zake pa laputopu n'kufulumizitsa motowo ndi madigiri atatu pamene injini ikulira kwambiri.

"Madigiri atatu!" anakuwa bambowo Lachisanu masana. "Ukufuna kundiwotchera mapisitoni amene ndawadikira miyezi iwiri?"

"Inu Ababa, injini yabwino ngati iyi mukuiyendetsa ngati ikupita ku maliro," anayankha.

Mawu amenewo ndiwo anali omaliza aatali amene analankhula nawo. Anagwirizana mokwiyirana kuti mapu onse awiri akhalemo, ndi kabatani pa dashibodi: kakaloza pansi ndi a bambo, kakaloza m'mwamba ndi a mwana. "Akowo sindidzawakhudza," anatero bambowo akupukuta m'manja. Koma galimoto itabwera chokokedwa, Injiniya anasuzumira pa zenera. Kabatani kanali kataloza m'mwamba.

"Ndikulankhula ndi iwe," anatero achimwene ake, akulowa m'kati mosamala kuti nsapato zisaponde girizi. "Amayi sakufuna kuiona. Ipite kwa ogula zitsulo, nkhani ithe."

"Amayi anena zimenezo, kapena ndinu?"

"Ndine wamkulu pano tsopano."

"Ukulu wanu sindikukana, achimwene. Koma ndipatseni ola limodzi."

Anazula pulagi ija n'kuiyang'ana pa kuwala kwa pazenera. Nsonga yake inali yofiirira bwinobwino, yopanda timadontho ta chitsulo chosungunuka. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inamupulumuka n'kugubudukira pansi pa benchi. Achimwene ake anawerama, anaitola, koma sanamupatse.

"Lachisanu lija ndinamva zonse," anatero motsitsa mawu. "Ndinali panja pomwepa. Kabatani kajanso ndinakaona, ndine mbuli pa injini koma maso ndili nawo. Tsono ukatsegula n'kupeza kuti ndi iwe, utani? Ukawauza chiyani amayi? Ndataya bambo ine, sindikufuna nditayenso mlongo. Galimotoyi ikaphwanyidwa, palibe adzadziwe, ngakhale iwe amene."

Injiniya anawayang'ana. Masiku onsewa ankaganiza kuti mkuluyu akumuda, osadziwa kuti akuyesa kumubisa kuseri kwa msana wake. Chifundo chinamugwira, komanso mkwiyo pang'ono, poti chikondi cha achimwene ake nthawi zonse chinkabwera ngati lamulo.

"Masiku anayi chakudya chikundikanika kumeza," anatero. "Kusadziwaku kukundidya kale. Bola ndidziwe."

"Mpatse pulagiyo."

Onse anatembenuka. Mayi awo anali pakhomo, atapinda manja pachifuwa. Chimwalirireni amuna awo anali asanapondemo m'galajamo.

"Amayi, pitani mukapume," anatero achimwene.

"Ndapuma mokwanira. Mukuyesa sindikuona kuti mwana uyu akutha ngati sopo? Musiye aone chimene akufuna kuona. Ndikhala pompano."

Anakoka kampando ka matayala kamene malemu ankakhalira, nakhala.

Mapulagi onse anayi anali oyera. Injiniya analowetsa kakamera ka pa waya m'mabowo a mapulagiwo, limodzilimodzi, ndipo mitu ya mapisitoni inaoneka yosalala, yopanda bala. Mtima unayamba kutsika, koma sanaulole. Injini ikhoza kufa ndi zina. Analumikiza batire, anabaya chingwe cha laputopu pansi pa dashibodi, n'kutsegula zimene kakompyuta kanasunga za ulendo womaliza. Anaika laputopu pa benchi kuti onse aone.

Pa sikirini panabwera mizere yokwera ndi kutsika.

"Tiuze m'chinenero cha anthu," anatero achimwene ake.

"Mzere wobiriwirawu ndi kulira kwa injini. Phiri lililonse ndi pamene anaponda mafuta mpaka pansi. Loyambali ndi mapu awo." Anasuntha chala. "Apa ndi pamene anakweza kabatani. Lachiwirili ndi mapu anga."

"Nanga wofiirawu, wangogonawu?" anafunsa achimwenewo.

"Umenewo ndi khutu la galimoto. Injini ikagogoda ngakhale kamodzi, umadumpha."

Anaukulitsa, anauyang'ana kuyambira pansi pa phiri mpaka pamwamba. Sunadumphe. Anabwereranso pachiyambi, poopa kuti maso akumunamiza chifukwa chofunitsitsa. Unali chigonere.

"Pali phiri lachitatu," anatero mayi ake, omwe anali atasendera pafupi.

"Mapu anga omwewo."

"Ndi lachinayi."

"Angabe, Amayi."

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa achimwene.

Mayi awo ndiwo anayankha. "Ndiye kuti anawakonda. Bambo ako chinthu chikawanyansa ankachibwereza? Malaya amene ndinawagulira chaka chatha anavala kamodzi, mpaka lero ali mu sutikesi."

Phiri lachinayi linali lodukira panjira. Injini inali ikukwera bwino, oyilo akuyenda mokwanira, kutentha kuli m'malo mwake, kenaka phazi linangochoka pa mafuta popanda chifukwa chilichonse cha m'chitsulo. Injiniya anadziwa kuti apo ndi pamene ululu unawagwira. Zotsatira zake zinali zadongosolo ngati za munthu wophunzitsa kuyendetsa: buleki pang'onopang'ono, giya yachitatu, yachiwiri, liwiro n'kufika pa ziro.

"Anaima okha," anatero Injiniya. "Injini ili bwinobwino. Sinaphulike."

"Nanga oyilo uja?" anafunsa achimwene ake.

Injiniya anagona chagada n'kulowa pansi pa galimoto ndi tochi. Beseni la oyilo linali long'ambika kuchokera kunja, chitsulo chitapindikira m'kati, ndi zipsera za mwala. Zinali zoonekeratu. Galimoto inaima m'mbali mwa msewu pamalo otsetsereka, ndipo phazi la bambo ake litafooka pa buleki inatsetsereka yokha n'kukagunda mwala wa mu ngalande.

Sanatuluke msanga. Anagona pomwepo pa simenti yozizira, tochi ili pamimba, n'kulira kulira kumene kunamukanika pa maliro. Sikunali kulira kowawa. Bambo ake anali atapita ndithu, zimenezo palibe laputopu ikanasintha, koma sanawaphe ndi iye, ndipo mpweya unkalowa m'chifuwa mwake mpaka pansi kwa nthawi yoyamba chiyambire Loweruka. Achimwene ake anamugwira mwendo n'kumukokera kunja monga ankachitira ali ana.

"Tadzuka, wadetsa tsitsi," anatero, iwonso akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anatulutsa foni n'kuimbira okoka galimoto aja. "Musabwerenso, bwana. Ayi, sitikugulitsa. Mwini wake alipo."

Mayi awo anali akadayang'anabe sikirini. Anatambasula chala, osakhudza galasi, n'kuloza kumapeto kwenikweni, kumene mzere wobiriwira unkayenda chapansipansi, wowongoka, kenaka n'kugwa.

"Nanga kamchira aka? Wati anaima apa. Bwanji mzerewu ukupitirira?"

Injiniya anapukuta manja n'kuyang'ana. Anawerenga nthawi pansi pake. Masekondi makumi asanu ndi anayi.

"Anaima, koma sanazimitse," anatero pang'onopang'ono. "Injini ikathamanga chonchi suizimitsa nthawi yomweyo, Amayi. Umaisiya ilire pang'ono, oyilo azungulire, zitsulo zizizire. Ukaidula ili yotentha umaipweteka. Anadikira mphindi imodzi ndi theka. Apa pagwerapa ndi pamene anapotokola kiyi."

"Okha?"

"Okha. Ndi dzanja lawo."

Achimwene ake anagwira pakamwa. Mayi awo anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

"Munthu chifuwa chikumuthina, iye ali phee kudikira chitsulo chizizire," anatero akupukusa mutu. "Ndi yemweyo ameneyo. Zaka makumi atatu ndi zisanu, tikayambana m'mawa sankapita ku ntchito. Ankangokhala pampando, osapepesa, osanena kanthu, mpaka aone kuti mtima wanga watsika. Ndiye n'kunyamuka."

Anadzuka pa kampando kaja, anayandikira galimoto, n'kuika chikhatho pamwamba pa injini. Anachisiya pomwepo nthawi yaitali ndithu, ndipo ana awo sanawafulumizitse.